Sitima ya Far North Line kudutsa m'boma la Sutherland ku Scotland

Amene akufuna kufika msanga ku Wick, tawuni imene njanjiyi imathera kumpoto kwa Scotland, asakwere sitimayi. Kuchokera ku Inverness imatenga maola oposa anayi, pamene galimoto pamsewu wa A9 imangotenga awiri ndi theka. Msewuwo umawoloka Dornoch Firth, ndomo ya nyanja yolowa kumtunda, pa mlatho womwe unatsegulidwa mu 1991, koma njanji imakazungulirabe kumtunda ku Lairg n'kudzatsikiranso kunyanja ku Golspie. Ngakhale Dornoch, likulu lakale la bomali, ilibe siteshoni. Kanjanji kake kanatsekedwa mu 1960.

Koma kwa wofuna kumvetsa chifukwa chake dera lalikulu chonchi lili ndi anthu pafupifupi 13,000 okha, ulendowu ndi mphunzitsi wabwino. Popita kumpoto khalani pampando wakumanja, chifukwa kuyambira ku Golspie kudutsa Brora mpaka Helmsdale nyanja imakhala pafupi kwambiri ndi windo. Kumanzere, pamwamba pa phiri la Ben Bhraggie, paima chipilala cha Duke woyamba wa Sutherland, mwini malo wamkulu wa derali. Akapitawo a banja lake ndiwo anasamutsa alimi m'zigwa kuti muzidya nkhosa. Ikachoka ku Helmsdale, mudzi umene anaukonzera ochotsedwawo kuti asanduke asodzi, sitima imakhotera m'chigwa cha Kildonan, momwe anthu anathamangitsidwa mu 1813 ndi 1819. Lero muli zii, agwape ndi nkhosa basi. Kupitirira apo ndi Forsinard, pakati pa madambo a Flow Country amene UNESCO inawaika pamndandanda wake mu 2024.

Zovuta zilipo. Njanji ndi imodzi, sitima zimapatukirana pamasiteshoni owerengeka, ndiye imodzi ikachedwa inzake imaima kudikira. Musapange ulendo wolumikiza sitima ina ku Inverness ndi mphindi zochepa. Sitima ndi zinayi zokha patsiku kupita mbali iliyonse, Lamlungu imodzi. Pamasiteshoni aang'ono monga Rogart, Kildonan ndi Kinbrace siima yokha: wotsika auziretu kondakitala, wokwera adine batani pamakina a papulatifomu. Siteshoni ya ku Dunrobin Castle imagwira ntchito miyezi ya alendo yokha.

Tengani chakudya ndi madzi, ndipo foni imataya netiweki m'madambomo. Kugombe la kumadzulo ndi kumpoto, ku Lochinver ndi Durness, kulibe njanji. Popita ku Durness mumatsikira pa Lairg n'kupitiriza pabasi, ndipo mabasiwo ndi ochepa kuposa sitima, choncho onani ndandanda yake musanagule tikiti.