Wotchi yoyeza masewera: mtima imauwerenga bwino, koma makalori imangoyerekeza

Mawotchi apamkono oyeza masewera olimbitsa thupi akupezeka tsopano m'masitolo ambiri ogulitsa mafoni, ndipo chimene chimakopa ogula ambiri ndi nambala ya makalori (muyeso wa mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito) imene imaoneka munthu akamaliza kuthamanga kapena kupalasa njinga. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito imodzi mwa mawotchi otsika mtengowa, ndipo sindikudandaula kuti ndinaigula. Ndi yopepuka, batire yake imakhalitsa, thukuta siliiwononga, komanso ikalumikizidwa ndi foni kudzera pa Bluetooth imasonyeza mtunda umene mwayenda mogwiritsa ntchito GPS ya foniyo. Nkhawa yanga ili pa nambala ya makalori ija, chifukwa anthu amaikhulupirira kwambiri mpaka kusintha kadyedwe kawo potengera zimene yawauza.

Wotchi siingayeze makalori mwachindunji. Akatswiri akafuna kudziwa mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito amamuveka munthu chophimba kumaso n'kuyeza mpweya wa okosijeni umene akupuma, popeza lita imodzi ya mpweyawu imafanana ndi makalori pafupifupi 5. Wotchi ilibe njira yochitira zimenezi. Imawalitsa kuwala kobiriwira pakhungu kuti ione mmene magazi akuyendera, imamva kugwedezeka kwa mkono, kenako imaphatikiza zimenezi ndi msinkhu, zaka komanso kulemera kumene munalemba mufoni, n'kutulutsa nambala yongoyerekeza.

Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku California anayesa mawotchi a mitundu 7 pa anthu 60, kuphatikizapo Apple Watch, Fitbit Surge ndi Samsung Gear S2. Mitundu 6 inawerenga kugunda kwa mtima mosalakwitsa kupitirira 5 peresenti, koma pa makalori panalibe ngakhale imodzi yomwe inakhoza: yochita bwino koposa inaphonya ndi 27 peresenti, pamene yochita moipa koposa inaphonya ndi 93 peresenti. Anapezanso kuti zolakwika zinali zochuluka mwa anthu akhungu lakuda ndi onenepa, ndipo mfundo imeneyi ikutikhudza ife mwachindunji, chifukwa khungu lakuda limamwa kuwala kobiriwira kochuluka, motero chimene chimabwerera ku wotchi chimakhala chochepa. Mawotchi asintha kuyambira nthawi imeneyo, koma njira yoyerekezera makalori sinasinthe kwenikweni.

Palinso zinthu zimene wotchi siingazidziwe. M'kutentha kwa mwezi wa Okutobala mtima umagunda mofulumira ngakhale liwiro lanu lili lomwelo, ndipo wotchi yanga imatenga zimenezo ngati umboni woti ndagwira ntchito yaikulu. Kuchepa kwa madzi m'thupi kumachitanso chimodzimodzi. Amene akumwa mankhwala ena a matenda othamanga magazi, omwe amachepetsa kugunda kwa mtima, adzaona nambala yotsika kuposa zenizeni. Panjinga, pomwe dzanja limagwira chiwongolero ndipo mkono umapindika, ndaona kuti kawerengedwe kamasokonekera kawirikawiri.

Mukafuna kuiyesa wotchi yanu, pali masamu osavuta. Akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa MET, ndipo MET imodzi ndi mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee, pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse pa ola. Kuyenda ndawala kuli pafupifupi MET 4, pamene kuthamanga makilomita 10 pa ola kuli pafupifupi MET 10. Choncho munthu wolemera makilogalamu 70 akathamanga theka la ola pa liwiro limeneli amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 350, ndipo akayenda ndawala nthawi yomweyo amagwiritsa ntchito pafupifupi 140. Dziwani kuti mkati mwa nambalazi muli makalori 35 amene thupi likanagwiritsabe ntchito ngakhale munthuyo akanangokhala pampando. Wotchi yanga nthawi zambiri imapereka nambala yoposa ya masamuwa, makamaka poyenda, ndipo ichi ndicho chimandidetsa nkhawa kwa munthu amene akufuna kuchepetsa thupi, chifukwa angawonjezere chakudya poganiza kuti watentha zambiri.

Ndingailimbikitse wotchiyi kwa munthu wofuna kutsatira mphindi zimene wachita masewera, makamaka poti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo pa ntchito imeneyi ndi yodalirika. Ivalidwe mothina pang'ono, chakumtunda kwa fupa la pamkono, ndipo kulemera kwanu kuzikonzedwa mufoni nthawi iliyonse kukasintha. Amene akufuna kuwerenga mtima molondola kwambiri awonjezere ndalama n'kugula lamba wa pachifuwa, yemwe amamva mphamvu ya magetsi ya mtima ndipo sadalira kuwala kapena mtundu wa khungu.