Miyezi 10 ndi maikolofoni ya ribbon: zomwe ndikubweza pa zomwe ndinanena

Mu Meyi chaka chatha ndinalemba mokondwa za maikolofoni ya ribbon yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wobwera ku Joni. Inali yakale, yopanda dzina lotchuka, koma ndinalengeza kuti ndapeza chinsinsi cha ng'oma za nyimbo za soul za m'ma 1960. Apo n'kuti nditakhala nayo milungu iwiri yokha. Lero ndi Marichi. Yadutsa m'chisanu, m'fumbi la Okutobala ndi m'mvula yonseyi, ndipo mawu ena ndiyenera kuwameza.

Situdiyo yanga ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ku Chilomoni: njerwa, simenti pansi, malata opanda siling'i. Chomwe ndinkasaka ndi kulira kwa ng'oma za ku Stax ku Memphis ndi ku Motown ku Detroit, makampani a nyimbo za soul a ku America. Snare (ng'oma yaing'ono ya mawaya kunsi) yonenepa, yosachedwa kuzima. Kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) yoti "du" basi n'kukhala chete. Ma cymbal (mbale zachitsulo zija) omveka patali, osabaya m'makutu.

Pa ma cymbal, maikolofoniyi sinandinamize. Mkati mwake muli ribbon, kachingwe ka aluminiyamu kopyapyala kuposa tsitsi, kolendewera pakati pa maginito, ndipo mawu akuthwa a pamwamba kamawafewetsa. Hi-hat (ma cymbal awiri ovindikirana) yathu yotchipa, yomwe pa maikolofoni ya mtundu wa condenser imamveka ngati munthu akukwecha poto, pa ribbon imatuluka yofewa moti sindigwiranso EQ yokonzera mawu. Apa pokha ndalama yanga inabwera.

Koma snare inakana. Mwezi wonse wa Juni ndinkasuntha maikolofoni uku ndi uko, snare ikulirabe "ting'iiii" ngati chitini. Anandiwombola ndi bambo wina wachikulire amene amaimba ng'oma kutchalitchi kwathu. Atamva zomwe ndinajambula anangoti, "Achimwene, vuto si makina anuwa. Ng'oma yanu ilibe phula." Anamasula pang'ono chikopa, natulutsa chikwama cha ndalama m'thumba n'kuchiika m'mbali mwa snare. Ndinaseka, chifukwa ndi zomwezo zomwe Al Jackson Jr., woimba ng'oma wa Booker T. & the M.G.'s ku Stax, amadziwika nazo. Bamboyo za Al Jackson sanazimvepo. Iwo anangotengera nzeru ya kumudzi, kumene amamata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma itsike mawu ndi kuleka kulira mopitirira. Kuyambira tsikulo chikwama chakale chodzaza mapepala chimakhala pa snare, chidutswa cha chitenje pa ma tom (ng'oma zinazo zopanda mawaya), pilo m'kati mwa kick. Ndikayerekeza zomwe tinajambula chikwama chisanabwere ndi zomwe tinajambula chitabwera, kusiyana kwake kukuposa kwa maikolofoni iliyonse yomwe ndili nayo. Zimawawa kuvomereza utalipira ndalama zambiri, koma ndi mmene zilili.

Chachiwiri chomwe sindinachiganizire mu Meyi ndi dzanja la woimba. Ukajambula ng'oma zonse ndi maikolofoni imodzi, palibenso zoti ukweza kick n'kutsitsa cymbal ya crash pa kompyuta. Zomwe wamenya ndi zomwezo. Ku Stax, komwe situdiyo inali holo yakale yoonetseramo kanema pa McLemore Avenue, m'zaka zoyambirira ankajambula pa mono (mawu onse pa njira imodzi), gulu lonse nthawi imodzi, ndiye aliyense ankadzisakaniza yekha ndi manja ake. Anyamata athu ambiri anakulira pa gospel yamakono, yodzaza ma fill (tokometsera ta pakati pa mizere) ndi ma crash pa mzere uliwonse. Aluso zedi, sindikunyoza. Koma wina ndinachita kumuchotsera ma tom awiri ndi crash, n'kumusiyira kick, snare, hi-hat ndi cymbal ya ride. Anakwiya tsiku lonse. Madzulo titamvetsera, anapempha kuti ndimutumizire pa WhatsApp. Lamulo lathu tsopano ndi lakuti hi-hat aziisisita, snare aziimenya ndi mtima wonse, ndipo asathamangire kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi (2 ndi 4), azikhala ngati akuchedwa pang'ono.

Tsopano za mvula, zomwe palibe kanema wa pa YouTube anandichenjeza. Ribbon imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, m'mbali simva. Poyamba ndinkaipachika pamwamba pa ng'oma itayang'ana pansi, kutanthauza kuti msana wake unkayang'ana malata. M'chilimwe sizinavute kwenikweni, kupatula malata akamathetheka ndi dzuwa la masana. Mvula itayamba mu Disembala, ngakhale yowaza chabe inkamveka ngati tikukazinga chimanga. Ndinaitsitsa n'kuiimika kutsogolo kwa ng'oma, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa kick, pa msinkhu wa m'chiuno. Potero mbali zake zogontha zinaloza kudenga ndi pansi, ndipo kumbuyo kwake ndinapachikako bulangete lolemera. Mvula ya mkuntho imatiimitsabe, koma yowaza timajambula. Chodabwitsa n'chakuti pamalo atsopanowa ng'oma zinamveka zakale kuposa poyamba: kick inanenepa, ma cymbal anabwerera m'mbuyo. Sindinabwererenso pamwamba ngakhale tsiku lopanda mtambo.

Mawu ake ndi ochepa mphamvu, izi ndinazitchula kale mu Meyi, koma ndinazipeputsa. Pa ng'oma zomenyedwa mwamphamvu palibe vuto. Pa nyimbo yofatsa ya ma brush (timitengo ta mawaya), preamp (chokwezera mawu) ya interface, kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, ndimaikweza mpaka cha ku 60 dB, ndipo pamenepo mluzu wa "sssss" umayamba. Ndinagula kachipangizo kolumikiza pa chingwe kowonjezera mphamvu, komwe kamadya magetsi a phantom a 48V ochokera pa interface koma sikawapititsa ku maikolofoni. Kanathandiza. Magetsi akathima n'kuyatsa inverter, maikolofoniyi imatola kung'ung'udza ikakhala pafupi nayo, ndiye inverter inasamukira pakhonde.

Ngozi inachitika mu Okutobala, ndipo wolakwa ndine. Ndinatuluka kukalandira foni osavindikira maikolofoni. Woimba wina, mwa chizolowezi chathu chija cha pa ukwati, anaigogoda ndi chala n'kuuzira mpweya kuti amve ngati ikugwira. Pa maikolofoni yolimba ya SM57 ungachite zimenezo chaka chonse osaona kanthu. Pa ribbon kachingwe kaja kanatamuka, mawu anachepa n'kuyamba kunjenjemera kick ikagunda. Paja amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Msuweni wanga anainyamula pa basi kupita nayo ku Johannesburg kukaikitsa kachingwe kena, ndipo inatha milungu 6 isanabwere. Pano imagona choimirira m'bokosi lake, itavala kathumba ka nsalu, chifukwa maginito ake amakoka tizitsulo ta m'fumbi. Mlendo aliyense ndimamuuza asanakhale n'komwe pansi kuti iyi siuziridwa.

Milungu 6 imeneyo inandiphunzitsa china chomwe sindinkafuna kudziwa. Ntchito sinaime, ndiye ndinaika SM57 pamalo omwewo, chikwama chili pa snare, woimba yemweyo. Ndinadula pang'ono mawu a pamwamba. Makasitomala awiri sanazindikire kusiyana kulikonse. Ine ndinkakumva, makamaka pa ride ndi pa kulemera kwa kick, koma sikunali kusiyana kwa usiku ndi usana komwe ndinalonjeza mu Meyi. Ndi chifukwa chake sindidabwanso kuti a Daptone ku Brooklyn, omwe m'zaka za m'ma 2000 anabwezeretsa kalembedwe ndi kajambulidwe ka soul yakale pa tepi, amadziwika ndi kujambula ng'oma ndi maikolofoni imodzi kapena ziwiri, osati khumi.

Za tepi ndinene mwachidule. Ndinayesa kudutsitsa ng'oma pa makina akale a kaseti a ma track anayi. Ukakweza mpaka singano kufika pofiira, snare imaphwanyika mokoma, koma makaseti abwino akusowa, ndipo lamba wa makinawo watopa moti liwiro limasinthasintha. Masiku ambiri plugin ya tape saturation, yotsanzira mawu a tepi pa kompyuta, imandikwanira.

Ndani aigule? Ngati mumajambula kwaya, kapena ng'oma za Afrobeats ndi gospel zofuna kick yoboola pachifuwa ndi ma tom oyenda kumanzere ndi kumanja, isiyeni, ikukhumudwitsani. Ngati muli ndi woimba wodziletsa, chipinda chomwe mungachiphe phokoso ndi mabulangete, komanso malo oisunga kutali ndi manja a alendo, ndi yabwino, ndipo pa malipenga ndi pa amp ya gitala imachita zodabwitsa kuposa pa ng'oma. Yanga sindigulitsa. Koma mnyamata wina wa ku Ndirande atandifunsa sabata yatha kuti ayambire pati ndi ndalama zochepa zomwe wasunga, ndinamuuza agule zikopa zatsopano za snare ndi kick, kiyi yomangira ng'oma, ndi mabulangete awiri a pa kaunjika. Chikwama ali nacho kale.