n8n ndi yabwino ndithu, koma muiuze kaye komwe ikukhala

Papita miyezi ingapo ndikuyendetsa n8n pa ka seva kolipira pamwezi, ndiye ndati ndilembeko maganizo anga poti anthu angapo andifunsa ngati ndi yoti n'kutayirapo nthawi. Kwa amene simukuidziwa, ndi pulogalamu yolumikiza zinthu kuti zizichitika zokha, anaiyambitsa Jan Oberhauser ku Berlin mu 2019. Ine ndinaiikira mlamu wanga yemwe ali ndi shopu ya zipangizo zomangira, kasitomala akadzaza fomu ya oda uthenga uzifika pa Telegram pompopompo komanso uzilembedwa mu Google Sheets, basi zomwezo, palibe zodabwitsa.

Kumanga ma workflow, mndandanda wa zochita zomwe zizitsatana zokha, ndi kophweka moti mpaka umaseka, umangokoka timabokosi n'kulumikiza ndi mzere. Pomwe pali nkhani ndi pakhomo polowera, kuti uthenga wochokera kunja ukupeze bwanji.

Ukangoiika ndi Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'kabokosi kawokawo kotchedwa container, imatsegula pa port 5678 ndipo imadziona ngati ili pa localhost, adiresi yomwe imagwira mkati mwa kompyuta yomweyo basi. Ndiye ine nditapanga Webhook node yanga yoyamba, kabokosi kolandira uthenga wochokera kunja, inandipatsa link yoyamba ndi localhost:5678, ndinaikopera choncho n'kukaiika pa fomu, kenako n'kumadikira ngati munthu wodikira minibasi pa msewu woti sudutsa galimoto. Kulakwa kunali kwanga, sindinawerenge. Pulogalamuyi payokha singalote dzina la domain yako, umayenera kuiuza pa WEBHOOK_URL, adiresi yonse kuyambira https mpaka kumapeto, komanso N8N_HOST ndi N8N_PROTOCOL. Ukasintha uyenera kuidzutsanso container apo ayi imangopitiriza ndi zakale.

Ukayesa kuitsegula pa IP chabe ndi http wamba imakukaniza kulowa chifukwa cha secure cookie, ndipo anthu ambiri amangothamangira kuika N8N_SECURE_COOKIE=false. Aise musatero pa seva yoti ili pa intaneti, mkatimo muli ma password ndi ma token a zinthu zanu zonse. Komanso Telegram siitumiza uthenga ku webhook yopanda HTTPS ndipo imalola ma port anayi okha, 443, 80, 88 ndi 8443, ndiye 5678 yanuyo olo mutalira bwanji siilandira. Njira ndi kuika reverse proxy patsogolo, pulogalamu ngati Nginx kapena Caddy yolandira za kunja pa HTTPS n'kuzipereka kwa n8n.

Ndinayamba ndi Nginx poti ndi yomwe ndinazolowera ndipo apa ndi pomwe ndinataya usiku wonse, tsamba limatseguka bwinobwino koma pakona pamangolemba kuti Connection lost, ndikadina kuti workflow iyende sindikuona chilichonse chikusuntha, ndinafika poganiza kuti ndi bando yanga kapena netiweki ya kwathu kuno, ndinasintha mpaka kuyatsa hotspot ya foni ina, koma ayi ndithu, vuto linali loti tsamba la n8n limalankhulana ndi seva pa websocket, njira yomwe imakhala yotseguka nthawi zonse, ndipo ine sindinaike mizere ya Upgrade ndi Connection mu config ya Nginx. Mizere iwiri yokha eti. Kenako makasitomala akatumiza chithunzi cha mndandanda wa katundu zimakanika ndi error 413 yonena kuti chakula kwambiri, chifukwa Nginx ukaisiya momwe ilili imalola 1 MB yokha pa client_max_body_size, pomwe n8n payokha imalandira mpaka 16 MB. Pamapeto pake ndinasamukira ku Caddy, mizere itatu, setifiketi ya Let's Encrypt imatenga yokha n'kumaikonzanso yokha, websocket imangodutsa osaipempha. Muikenso N8N_PROXY_HOPS=1 kuti idziwe kuti kutsogolo kwake kuli mlonda.

Chinthu china chomwe anthu sachidziwa, mukalemba -p 5678:5678 pa Docker, port imeneyo imatseguka kwa dziko lonse olo firewall yanu ya ufw ikunena kuti mwatseka, Docker imadzilembera malamulo ake mu iptables. Lembani 127.0.0.1:5678:5678 kuti aliyense azidzera pa Caddy.

Za ma link awiri omwe Webhook node imapereka, yoyesera ya webhook-test ndi yeniyeni ya webhook, poyamba zimandinyansa koma pano ndaona nzeru yake. Yoyesera imamvetsera kwa masekondi 120 okha ukadina batani, yeniyeniyo imagwira pokhapokha workflow ikhale yoyatsidwa. Mlamu anandiimbira mamawa kuti ma oda sakufika, ndikukayang'ana ndapeza pa fomu ndinasiya link yoyesera, manyazi ake.

Nthawi nayo muisamale. Mukapanda kuika GENERIC_TIMEZONE imatsatira ya New York, lipoti lomwe mumafuna 7 koloko m'mawa lidzakupezani mukudya nkhomaliro. Ikani Africa/Blantyre. Ndipo foda ya .n8n ikhale pa volume, malo osungira omwe satayika container ikachotsedwa, m'menemo ndi momwe muli database ndi kiyi yotsekulira ma credentials, ikatayika muyambiranso kulowetsa zonse.

Ena amafunsa ngati angaiike pa laputopu yakale kunyumba kuti asamalipire seva. Kuyenda imayenda, koma ma rauta ambiri a SIM kadi sakupatsa IP yakoyako yoti munthu wakunja n'kukupeza, ndiye pafunika tunnel, njira yodutsitsira uthenga wakunja kufika pa laputopuyo, ngati ya Cloudflare, kuphatikiza magetsi akathima ma oda onse a nthawi imeneyo apita. Kwa ine ka seva kolipira kanaposa, olo kupeza madola olipirira kumavuta.

Poyerekeza ndi Zapier, sevisi ina yochita zomwezi, yomwe imawerenga task iliyonse n'kukulipiritsa, apa ukadziikira wekha palibe wowerenga, workflow iyende kangati patsiku zili ndi iwe. Kungoti dziwani kuti layisensi yake ndi Sustainable Use License, si open source yeniyeni, kugwiritsa pa bizinesi yako palibe vuto koma kumaigulitsa kwa ena ngati sevisi yako ndi nkhani ina, werengani kaye. Ine ndikuipatsa 4 pa 5. Ngati simunagwirepo terminal chibadwire pezani mnzanu akuikireni Caddy ndi ma variable amenewa tsiku loyamba, zotsalazo mudzachita nokha pa mbewa.