Galimoto ya hayala ya ku Qamishli: msewu amaudziwa, koma za ku Raqqa sanena zonse

Galimoto ya mumzinda wa Qamishli imeneyi ndinaichita hayala masiku anayi mu 2022, nditapita pa ntchito kumpoto chakum'mawa kwa Syria. Dalaivala wake, bambo achikulire a mtundu wa Akurdi, anadzandichingamira pa Semalka, pomwe pali mlatho woyandama pa mtsinje wa Tigris ukamachokera ku Iraq. Malipiro amafuna madola a ku America, ndipo akhale osathaitha. Kapepala kanga kamodzi kong'ambika pakona anakabweza akuseka.

Pa nkhani ya msewu sindingawanenere choipa. Marodibuloko a apolisi a Akurdi otchedwa Asayish anali ambirimbiri, koma iwo ankangotsitsa windo, n'kuti "heval", kutanthauza mnzanga pankhondo, ndiye mapepala anga n'kuwaona mwachangu. Msewu wa M4 anaulambalala, poti kuyambira Okutobala 2019 matauni a Tal Abyad ndi Ras al-Ain, omwe ali kufupi ndi msewuwo, anali m'manja mwa Turkey ndi magulu ake. Tinazungulira kudzera ku Hasakah. Choziziritsa m'galimoto chinali chakufa, fumbi linandilowa mpaka m'mano, koma izo n'zazing'ono.

Ku mzinda wa Kobani ndi komwe bambowa anaonetsa kuti nkhondo yolimbana ndi ISIS ili m'magazi mwawo. Anandiyendetsa m'mabwinja amene anasiyidwa dala osamangidwa kuti akhale chikumbutso, akulozera phiri la Mishtenur pomwe zigawenga za ISIS, zomwe iwo amangoti Daesh, zinkaombera mzindawo. Anafotokoza momwe Daesh inazingira Kobani mu Seputembala 2014, momwe asilikali a Akurdi a gulu la YPG ndi anzawo aakazi a gulu la YPJ analimbanirana nayo nyumba ndi nyumba ndege za America zikuthandiza kumwamba, mpaka kuithamangitsa mu Januwale 2015. Kumanda a asilikali anaima nthawi yaitali pa mwala wina. Sindinafunse kuti ndi wa ndani.

Vuto linali ku Raqqa, mzinda womwe Daesh inausandutsa likulu lake. Madeti amawadziwa ndithu: gulu la SDF, lotsogozedwa ndi asilikali a Akurdi, linayamba ulendo wolanda mzindawu mu Novembala 2016, damu la Tabqa linalandidwa mu Meyi 2017, nkhondo ya mumzinda inayamba Juni n'kutha Okutobala chaka chomwecho. Anandionetsa raundabauti ya Naim, pomwe Daesh inkaphera anthu poyera, ndi bwalo lamasewero lomwe inalisandutsa ndende. Koma nditafunsa kuti nanga nyumba zosanja zophwasukazi anazigwetsa ndani, anangoti "nkhondo", n'kukweza wailesi.

Yankho ndinalipeza iwo atapita kukathira mafuta. Mwini kasitolo wina, Mluya, anandipatsa tiyi m'kapu kakang'ono kagalasi, shuga wochuluka ngati uchi, n'kundilozera chulu cha simenti tsidya la msewu, zitsulo zili yangayanga. Anati Daesh sailakalaka ngakhale pang'ono, koma achibale ake anafera m'menemo ndi bomba la ndege za amene anabwera kudzawapulumutsa. Si iye yekha: mabungwe a Amnesty International ndi Airwars anapeza mu 2019 kuti anthu wamba oposa 1,600 anaphedwa ku Raqqa ndi mabomba ndi mizinga ya mayiko othandiza SDF. Dalaivala wanga zimenezi sanazitchuleko masiku anayi onse. Sindikuti ankanama ayi. Munthu amene anthu akwawo zikwizikwi anafa mpaka Daesh itagonja ku mudzi wa Baghuz mu Malichi 2019, kumuuza kuti chipambanocho chinaphanso osalakwa, pakamwa pamalemera.

Ndingakwerenso galimoto yawo? Mosakayika, ndipo usiku sayenda ngakhale muwanyengerere bwanji, chomwe ndinachiyamikira pambuyo pake. Koma mukamapangana nawo, nenerani konko kuti ku Raqqa mukufuna tsiku lathunthu komanso womasulira wa mumzinda momwemo, ndipo ndalama ya womasulirayo muilipire padera.