Ndemanga: njinga zobwereka ndi wotiperekeza, kuchoka ku Dedza kutsika Khwekhwelere mpaka ku Mua

Anyamata obwereketsa njinga zothamanga aja ndawapatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo anaitaya okha pa nkhani ya mabuleki ndi madzi akumwa.

Ndimakhala ku Lilongwe ndipo njinga ndimapalasa Loweruka lokha, nalonso si lililonse. Amene anayesapo kupalasa m'tauni muno akudziwa mmene zimakhalira: minibasi kukudula kutsogolo kuti itole munthu, a kabaza a njinga zamoto kukudutsa kumanzere ndi kumanja komwe, hutala kumbuyo osalekeza. Ndinkalakalaka msewu woti ndizimva kulira kwa tcheni basi. Alamu anga ndi amene anapeza nambala ya anyamatawa, tinalemberana nawo pa WhatsApp, ndipo funso lawo loyamba linali la kutalika kwathu, nkhani ya ndalama inabwera pambuyo. Zimenezo zinandipatsa chikhulupiriro, chifukwa njinga yosalingana ndi msinkhu wako imakuthyola msana usanafike patali.

Anatitenga 5 koloko m'mawa pa pikapu, njinga atazigoneka pa matiresi akale kuti zisakandike. Ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo tinafika dzuwa litangotuluka. Kunali kumapeto kwa September koma mphepo yake inkaluma zala. Tauni imene ija ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri lake mamita 2,198, ndiye musanamizidwe ndi kutentha kwa ku Lilongwe n'kusiya juzi.

Njinga zake ndi zakaunjika, ndipo iwo sabisa. Yanga inali ya aluminiyamu, yopepuka moti nkuinyamula ndi dzanja limodzi, matayala opyapyala, magiya osintha bwino osadumpha. Chishalo chinali cholimba ngati mpando wa kutchalitchi, koma zishalo za njinga zotere n'choncho, muzivala kabudula wokhala ndi thonje pansi. Zipewa zoteteza mutu amapereka. Changa chinkanunkha thukuta la munthu wina, nkhani yoti sopo yekha akanaithetsa.

Chigawo choyamba, kuchoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu pa M1, si chabata ngakhale pang'ono, ngakhale uthenga wawo wotsatsa umanena za "misewu yopanda galimoto". Pamadutsa mathiraki ochokera kuchipata cha Mozambique, mabasi a ku Blantyre, ndipo m'mphepete mwa tala ndi modyeka. Thiraki ikakudutsa, mphepo yake imakukankhira kumbali kenako n'kukukoka. Wotiperekeza, mnyamata wowonda wosalankhulalankhula, ankakhala kumbuyo kwathu n'kumakuwa kuti "yayikulu!" thiraki ikamabwera. Chokoma pamenepo n'choti msewu umayenda m'malire enieni, kudzanja lamanja ndi Mozambique, ndipo amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato ali mbali zonse ziwiri. Komabe ndikanakonda pikapu ikanatitsitsira pa Masasa pomwe. Mukamapangana nawo, pemphani zimenezo.

Titakhotera kumanzere pa Masasa, phokoso lonse linatsala kumbuyo ngati munthu watseka chitseko. Apa ndi pamene ndalama yanga inayamba kugwira ntchito. Msewu wa tala, wokwera pang'ono n'kutsika pang'ono, minda yolimidwa kale mizere kudikira mvula, ana akuthamangira kumsewu kudzationa. Galimoto zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo umaimva ikadali kutali. Ine ndi alamu anga tinkapalasa moyandikana n'kumacheza, zinthu zosatheka kwathu kuno.

Tisanayambe mtsetse wa Khwekhwelere mnyamata uja anatiimitsa. Anayenda njinga iliyonse, kufinya mabuleki, kuzunguza tayala, kusuzumira. Atafika pa yanga anagwedeza mutu. Timalabala ta buleki yakumbuyo tinali titatha, kutsala pang'ono kuti chitsulo chiyambe kudya limu. Anapisa m'thumba la kumsana kwa malaya ake, anatulutsa tina tatsopano ndi kasipanala, ndipo m'mphindi zochepa anali atasintha. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mukanapanda kuona bwanji?" Iye anangoti, "Ndikanaona basi, bwana, pano sindidutsa osaona." Yankho labwino, koma njinga imene ija siinayenera kutuluka m'nyumba mwawo ili choncho, podziwa kumene ikupita. Msewu umenewu ngodziwika ndi ngozi za galimoto zoduka mabuleki, ndipo kuchoka pamwamba kukafika kuchigwa umatsika mamita pafupifupi 1,000.

Kenako anatiphunzitsa katsikidwe, ndipo ndikubwereza pano chifukwa ine zaka zonsezi ndinkalakwitsa. Munthu ukachita mantha umagwira mabuleki osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pa njinga ya mabuleki ogwira limu, zimenezo zimatenthetsa limuyo, mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo tayala likhoza kuphulika uli pakona. Iye anati tizigwira mwamphamvu tisanalowe pakona, makamaka yakutsogolo, thupi titalibweza kumbuyo, kenako tizisiya kuti limu ipume. Pedulo ya mbali imene ukukhotera izikhala m'mwamba kuti isakhule pansi. Maso aziyang'ana kumene ukufuna kupita, osati kuphompho. Titatsika makona angapo anatiimitsanso n'kundiuza kuti ndikhudze limu. Ndinachotsa chala msangamsanga ngati ndagwira chivundikiro cha mphika.

Koma kukoma kwake! Msewu umapindika ngati njoka m'mbali mwa phiri, kona kutha ina kuyamba, ndipo pakona iliyonse chigwa cha Bwanje chimatambasuka pansi pako. Makutu amatseka n'kutseguka. Mphepo yozizira ya ku Dedza imasanduka yofunda uli pachishalo pomwepo, mitengo imasintha, mpaka umayamba kuona milambe. Nyanja sitinaione chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire umene umaphimba dziko miyezi imeneyi. Mnyamata uja anati tidzabwere mvula ikangotha, mu May kapena June, kumwamba kukakhala koyera. Chenjerani ndi mchenga ndi timiyala tokokoloka m'makona ena, komanso mbuzi, zomwe sizidziwa kuti njinga yothamanga siima ngati ya kabaza.

Chapakati pa phiri tinapuma pamthunzi, ndipo anatipeza bambo wina akukankha njinga yake kukwera, atamanga katundu mpaka kupitirira mutu wake, thukuta lili kamukamu. Anaima, anayang'anitsitsa njinga yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kenako anafunsa mwaulemu ndithu: "Pepani bambo, njinga yopanda kaliyala imeneyi mumanyamulirapo chiyani?" Ndinati palibe. "Nanga mukupita kuti?" Ndinati kumunsiku, kenako galimoto itibweza. Anaseka mpaka kutsamira katundu wake. Alamu anga anamupatsa nthochi ziwiri, ndipo anapitiriza ulendo wake akupukusa mutu. Ine ndinakhala kaye chete, chifukwa phiri lomwe ndinalipira ndalama kuti nditsike, mnzanga amalikwera wapansi kuti apeze ya ndiwo.

Vuto lachiwiri linatipeza pa Golomoti. Pansi paja kumatentha zenizeni, ndipo tinafika dzuwa litakwera. Njinga iliyonse inali ndi botolo limodzi lokha, ndipo mabotolowo anali atauma kalekale. Tinapangana kuti pikapu, imene inanyamula madzi ndi zakudya, itidikira pamphambano pomwe msewuwu ukumana ndi M5. Tinafika, palibe. Foni ya dalaivala siinkapezeka. Tinadzamva pambuyo pake kuti iye anamva zoti akatidikire ku Mua, ndipo anali atagona m'galimoto pansi pa mtengo. Tinakhala pakhonde la golosale ina pafupifupi ola lathunthu, tikumwa madzi ofunda a m'mabotolo ndi thobwa, zonse zogula ndi ndalama zathu. Mnyamata wotiperekeza anapepesa kambirimbiri ngakhale kulakwa sikunali kwake. Mwini wake wa bizinesi nditamuuza madzulo anangoyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Sindinafune kuti andibwezere ndalama ya thobwa, koma mawu awiri okha akanakwana.

Pa Golomoti pamadutsa njanji ya pakati pa Salima ndi Balaka, komanso pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20. Kuchoka pamenepo kupita ku Mua ndi pa M5, msewu wathyathyathya wopanda zambiri, maenje apa ndi apo. Kagawo komaliza kokhotera kumishoni matayala opyapyala aja sakondwera nako, tinapalasa pang'onopang'ono.

Ku Mua n'koyenera kuthera ulendo. Mishoniyo anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anawayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu zambirimbiri, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndalama yolowera siili m'mtengo wa ulendo, ndipo zimenezo anatiuziratu, sindingawanamizire. Ine miyendo inali ikunjenjemera moti theka la nthawi ndinathera pa benchi.

Alamu anga, amene amadzitama kuti ali ndi mapapo a hatchi, anafunsa ngati n'zotheka kubwerera pa njinga kukwera Khwekhwelere. Mnyamata uja anayang'ana magiya akumbuyo a njinga yawo n'kunena kuti, "Ndi awa ayi, madala, mukankha." Anafotokoza kuti wofuna kukwera anene nthawi yopangana kuti amuikire giya yaikulu kumbuyo, ndipo anyamuke pa Golomoti kusanache, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Alamu anga akuti adzayesa. Mlongo wanga akuti adzayambe alemba kaye kumene anasunga makadi a kubanki.

Ndalama ya chikole anatibwezera pa foni Lolemba m'mawa, yonse, osadulako ngakhale tepi ya pa handulo yanga inang'ambika pomwe ndinaitsamiritsa pakhoma la golosale ija. Tapangana kale za May. Ndawauza kuti atitsitsire pa Masasa, aike zoikamo mabotolo ziwiri pa njinga iliyonse, ndipo atipatse mnyamata yemwe uja.