Adokotala ndi abwino, koma werengani zimene akulemberani pa mankhwala

Ndikanati ndiweruze adokotala okha a pachipatala cha nyamakazi chimene ndimapitako, ndikanapereka nyenyezi zonse 5 mu ndemanga yangayi. Koma mnyamata wopereka mankhwala pachipatala chimenechi anatsala pang'ono kundipha, ndipo sindikukokomeza.

Adokotala anandilembera methotrexate, mankhwala a nyamakazi. Anabwereza kangapo kuti mankhwalawa amamwa kamodzi pa sabata, tsiku lokhalokhalo, vitamini wa folic acid n'kumamwa tsiku lina. Anafotokozanso chifukwa chake: ukamamwa tsiku ndi tsiku amawononga chiwindi ndi mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, m'kamwa mumabuka zilonda, ena mpaka amataya moyo. Nditafika pawindo, mnyamatayo, maso ali pafoni, analemba pakathumba ka mapiritsi kuti "kamodzi patsiku". Ndinamuuza mwaulemu kuti, "Achimwene, adokotala anena kuti pa sabata." Iye osadzutsa n'komwe mutu anangoti, "Mayi, tsatirani zimene zalembedwazo, kumbuyoko kuli anthu." Ndinakana kusuntha. Ndinamuumiriza kuti awerengenso pepala la adokotala. Ataliwerenga anangokhwatcha ndi cholembera, kulemba pamwamba pake, n'kundikankhira kathumbako. Ngakhale pepani sanatuluke pakamwa pake. Mpaka lero ndimaganizira agogo amene sazolowera kufunsa, amene amakhulupirira chilichonse cholembedwa ndi wa kuchipatala. Akanangomwa m'mawa uliwonse mokhulupirika. Ndi ndalama zimene amatidula pamenepa, zoterezi n'zosamveka.

Mzere nawonso ndi wautali, ndipo nthawi imene amakulembera kuti ubwere ndi ya dzina chabe.

Komabe ndinene chilungamo. Kwa nthawi yaitali kulikonse kumene ndinkapita ankangoti ndi kukula, ine n'kumamwa ibuprofen mpaka m'mimba kumaotcha. Adokotala awa anagwira zala zanga chimodzichimodzi, kufinya mfundo iliyonse, n'kundifunsa kuti m'mawa zimakhala zouma kwa nthawi yaitali bwanji. Nditawauza kuti ola limatha ndisanakwanitse kumanga mabatani a malaya, komanso kuti manja onse awiri amatupa malo ofanana, ananditumiza kukayezetsa magazi kuti aone zizindikiro za nyamakazi ndi kutupa: rheumatoid factor, anti-CCP ndi CRP. Zotsatira zitatuluka anakhala nane pansi. Anati nyamakazi ilipo yamitundumitundu. Ina imabwera chicherewecherewe cha m'mfundo chikaperepeseka, ina ndi gout yobwera ndi kuchuluka kwa asidi wotchedwa uric acid m'magazi, koma yangayi ndi rheumatoid arthritis, imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mfundo za mwini wake.

Ndinawafunsa mosabisa kuti, "Adokotala, ndidzachira?" Sanandinamize. Anati matendawa satheratu, koma ukayamba chithandizo msanga kutupa kumazilala ndipo zala sizifika popindika. Anandichenjeza kuti methotrexate imatenga masabata 6 mpaka 12 isanayambe kumveka m'thupi, choncho ndisataye mtima n'kusiya. Podikira anandipatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kwa kanthawi kochepa. Mowa anandiletsa, magazi anati ndiziyezetsa pafupipafupi kuti aziona chiwindi, ndipo anafunsa ngati ndili ndi maganizo otenga pakati, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana wosabadwa. Ine ndinkaganiza kuti mfundo yopweteka imafuna kupumula basi, koma anandionetsa timasewera ta zala n'kundilimbikitsa kuyenda. Panopa botolo ndikutsegula ndekha.

Nditawafotokozera za pawindo paja, nkhope yawo inasinthiratu. Anapepesa, analemba ndi dzanja lawo tsiku lomwera mankhwala pakhadi langa, n'kulonjeza kuti nkhaniyo aitengera kwa akuluakulu. Apa mtima unatsikako, ngakhale mnyamata uja akadali pantchito pomwepo.

Ndapereka nyenyezi 3. Kwa adokotala ndizipitabe, koma mankhwala ndizikagula kwina.