Kabuku kapena wotchi ya GPS pokonzekera triathlon?

Triathlon ya mtunda wa Olympic ndi kusambira makilomita 1.5, kupalasa njinga makilomita 40, kenako kuthamanga makilomita 10. Kumayambiriro kwa nyengo yokonzekera mpikisanowu muyenera kudziwa maola amene mwalimbitsa thupi pa sabata, chonsecho kuli maulendo akuntchito, maliro kumudzi, ana odwala. Ena amalemba m'kabuku, ena amadalira wotchi monga ya Garmin, imene imatumiza zonse ku Strava, pulogalamu ya pa intaneti yosunga mbiri ya masewera olimbitsa thupi.

Mtengo: kabuku ndi ndalama ya mandazi. Wotchi imaboola thumba, kuwonjezera bandulo ya intaneti.

Paulendo: kabuku sikafuna magetsi, kamangoopa mvula. Wotchi imasunga zonse ngakhale kulibe netiweki, koma mukaiwala chaja chake simungachipeze pagolosale.

Kulondola: apa wotchi ilibe mnzake. Imawerenga mtunda, liwiro ndi kugunda kwa mtima, pomwe wakabuku amangoyerekeza.

Koma wotchi sidziwa kuti munagona pamkeka masiku atatu kumaliro. Imangoonetsa sabata yopanda kanthu, mtima n'kumakuuzani kuti mubweze zonse Loweruka limodzi, ndipo mpamene bondo limayamba kudandaula. Ine m'kabuku ndinalembapo kuti: "Lachitatu, mwana watentha thupi, ndagona maola 3, sindinathamange." Ndikamawerenga patapita mwezi sindidziimba mlandu.

Amene mukungoyamba, kapena sabata yanu imalamulidwa ndi banja, tengani kabuku ndipo muziwerenga maola, osati makilomita. Wotchi ikuyenera amene ali ndi mphunzitsi wakutali wofuna kuona manambala enieni.